NYALUGWE WA PA MKONO: ZILOMBO ZIMENE ANA ATHU ALEMBETSA PA KHUNGU ZITANTHAUZANJI?

Nyengo ya Khrisimasi ikafika, mabasi ocokera ku Lusaka amatsitsa ana athu pa Luangwa Bridge, pa Kacholola ndi pa Nyimba. Amatsika ndi shuga, saladi, buledi ndi zitenje za amai. Koma zaka zino ena atsikanso ndi katundu wina amene salowa m'cola, ndipo amaonekera pokhapo akavula shati kapena akapinda mkono wa malaya. Tikunena zithunzi za nyama zolembedwa pa khungu, zimene iwo akuti matatuu.

Pa mudzi wina wa m'dziko la Amfumu a Nyalugwe tinaona ndi maso athu mmene nkhaniyi imautsira mapokoso. Mnyamata wina amene agwira nchito m'tauni anabwera kudzaona makolo, ndipo m'mawa mwace anatenga khasu kukathandiza kupalira cimanga. Dzuwa litakwera anavula shati. Pa mkono wace wamanja, kuyambira pa phewa mpaka pa cigongono, panali nyalugwe atayasamula kukamwa. Amai ace anagwira pakamwa. Amalume ace anayang'ana kumbali. Koma ambuya ace, amene ali ndi mphini zao pa masaya ndi pa mphumi, anaika khasu pansi nayandikira.

"Iwe mzukulu, cilombo ici wakutema ndani?"

"Ambuya, ni tatuu cabe. Ni staelo ya m'tauni."

"Nanga Amfumu adziwa?"

Onse a m'munda anaseka, koma ambuyawo sanaseke ai. Funso lao linali la nzeru, ndipo ndi limene latipangitsa kulemba nkhani ino. Amai a mnyamatayo anali kuopa za ku chalichi, kuti akulu a mpingo adzati ciani. Ambuya sanali kudabwa ndi kutema khungu, popeza iwo omwe anatemedwa. Cimene cinawadetsa nkhawa ndi cilombo cimene mwana anasankha, ndi malo amene anabwera naco.

Mphini sizinabwere ndi basi

Tiyambe ndi kukumbutsana cinthu cimene ambiri a ife taiwala msanga. Kulemba pa thupi si mwambo wa Azungu umene wabwera ndi mafilimu. Makolo athu Ansenga, Acewa ndi Akunda anali kutema mphini, zimene ena amati nembo. Anali kutsina khungu, kuliceka pang'ono ndi lumo, ndi kutikitamo makala osinja, kawirikawiri osakaniza ndi mafuta a nsatsi. Bala likapola, panali kutsala mzere wakuda wotukuka pang'ono umene sufafanizika mpaka kumanda. David Livingstone, podutsa m'maiko a kuno m'caka ca 1866, analemba m'mabuku ace a ulendo kuti mitundu ya anthu inali kudziwika ndi zizindikiro zimene inatema pa thupi. Kunena kwina, mphini zinali ngati citupa ca munthu, registreshoni isanabwere.

Mphini zinali za mitundu ingapo. Panali za kukongoletsa nkhope. Panali zimene amai anali kutema m'malo obisika, pa mimba ndi m'ciuno, zimene zinali kuyendera pamodzi ndi mikanda, ndipo za izo alangizi adziwa bwino koposa ife. Panalinso za mankhwala, zimene zikali kutemedwa mpaka lero: mutu ukavuta amatema m'mbali mwa maso, msana ukavuta amatema m'ciuno, mwana akadwaladwala amamutema pa cifuwa. Tisanamizane, awerengi athu. Ambiri a ife amene tikhala pa mabenchi a kutsogolo tsiku la Sondo tiri nato timizere tiwiri kapena titatu pa dzanja kapena pa msana, ndipo tinatemedwa tikali pa msana pa amai.

Cocititsa cidwi ndi cakuti mwambo wa mphini za mankhwala unalinso kutali kwambiri ndi kwathu. M'caka ca 1991, m'mapiri a Alps pa malire a Italy ndi Austria, anapeza mtembo wa munthu umene unasungika m'madzi oundana kwa zaka pafupifupi 5,300. Anamucha dzina lakuti Ötzi. Pa thupi pace anawerengapo mphini 61, zambiri timizere tifupitifupi todetsedwa ndi mwaye, pa msana, m'maondo ndi m'akakolo, m'malo amene mafupa ace aonetsa kuti anali kumva kuwawa. Akatswiri ambiri aganiza kuti zinali za kuciritsa. Akanakhala kuti anafera kuno ku Luangwa, ambuya aliyense akanangoyang'ana kamodzi nanena kuti, munthuyu anali kudwala nyamakazi.

Ndipo zithunzi za nyama zakale kwambiri zimene zapezeka pa khungu la munthu ziri za muno mu Africa. Ku British Museum mu mzinda wa London kuli mtembo wa mnyamata wocokera ku Gebelein m'dziko la Egypt, amene anamwalira zaka zoposa 5,000 zapitazo. Kwa zaka zambiri anthu anali kuona ngati pa mkono pace pali litsiro cabe. M'caka ca 2018 akatswiri analengeza kuti ataunika ndi makina apadera anapeza kuti ndi zithunzi ziwiri, ng'ombe yamphongo ya kuthengo ndi nkhosa ya m'mapiri ya nyanga zopota. Mnyamata uja anasankha nyama za nyanga ndi mphamvu, pa mkono womwewo umene anyamata athu asankha lero. Mtima wa mnyamata sunasinthe kwenikweni.

Kumene makolo anali kusunga zilombo

Tsono apa pali kusiyana kumene tifuna kuti mukumvetse. Mphini za kwathu kuno zambiri sizinali zithunzi za nyama. Zinali mizere, madontho ndi timakona. Amakonde a ku mapiri a Mueda, kumpoto kwa Mozambique, ndiwo anachuka ndi kutema zithunzi monga abuluzi pa thupi. Ife nyama zathu tinali kuzisunga kwina.

Coyamba tinazisunga m'maina. Alipo a Njovu, a Ngulube, a Mbewe ndi ena otero, ndipo munthu sasankha yekha mtundu wace monga asankhira citenje pa msika. Amabadwa nao. Anzathu Abemba banja lao lacifumu ndi Bena Ng'andu, anthu a ng'ona, ndipo mwambo wao waukulu wa Ukusefya pa Ng'wena umanyamula cifaniziro ca ng'ona yomweyo. Nyama ya mtundu inali kuuza munthu abale ace, amene sayenera kukwatira, ndi amene adzamuika m'manda.

Caciwiri tinazisunga m'dothi. Pa cinamwali, cimene Ansenga amati cisungu, anamkungwi anali kuumba ndi kujambula zinthu zophunzitsira moye, ndipo zina mwa izo zinali zifaniziro za nyama. Za m'nyumba ya cinamwali sitingaziulule pa nyuzipepa, ndipo amai otiwerenga atimvetsa. Cimene tinganene ndi cakuti ngakhale ophunzira a kunja anaona kulemera kwace. Raymond Apthorpe, amene anafufuza za moyo wa Ansenga a ku Petauke, anasindikiza kankhani m'caka ca 1962 kofotokoza zojambula za pa cisungu ca atsikana a Cinsenga. Zojambula zija sizinali zokongoletsa cabe. Ciri conse cinali ndi nyimbo yace ndi mwambo wace, ndipo mtsikana anali kucidziwa pokhapo nthawi yace itakwana.

Cacitatu tinazisunga pa matanthwe. Ku Thandwe kufupi ndi Chipata, ku Mkoma kufupi ndi Katete ndi ku Kalemba ku Chadiza kuli mapanga amene ali ndi zithunzi zojambulidwa ndi makolo. Zina ndi zoyera, zooneka ngati buluzi kapena cikopa ca nyama coyanika, miyendo ili tambalala. Ku Malawi, m'mapiri a Chongoni kufupi ndi Dedza, kuli malo otere 127, ndipo bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa cuma ca dziko lonse m'caka ca 2006. Ofufuza apeza kuti zambiri mwa zithunzi zoyerazi zigwirizana ndi cinamwali ca atsikana, pamene zina zigwirizana ndi Nyau. Ndipo Nyau zomwe, zimene timaona pa Kulamba ku Mkaika m'mwezi wa August, ziri ndi zilombo zace monga Kasiyamaliro ndi Njovu, zimene sizituluka wamba. Njovu imatuluka pa zinthu zazikulu zokha, monga maliro a mfumu. Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO m'caka ca 2005.

Cacinai, ndipo ici ndi cimene ambiri safuna kucichula, nyama inali kulowa m'thupi kudzera m'mphini momwemo, koma osati ngati cithunzi. Ng'anga inali kuocha kacidutswa ka nyama, kaya cikhadabo, kaya ubweya, kaya mamba, ndi kusakaniza phulusa lace ndi mizu. Ici ndico cizimba. Wofuna kuopedwa anali kufuna ca mkango, wofuna kulimba anali kufuna ca fulu. Motero munthu wa kale akaona cilombo pa thupi la mwana, maganizo ace sapita ku staelo. Amadzifunsa kuti, mwanayu wakhwimira ciani, ndipo wapereka ciani? Anyamata a m'tauni ayenera kudziwa kuti mantha a makolo ao acokera pamenepa. Si umbuli ai.

Ponena za zizimba tionjezepo cenjezo kwa alimi anzathu a m'mbali mwa Luangwa. Lamulo la nyama za kuthengo la m'caka ca 2015 ndi lolimba. Anthu ambiri alowa m'ndende zaka 5 kaamba kopezeka ndi nkaka, kanyama ka mamba kaja. Cikopa ca nyalugwe naconso sicisungidwa popanda cilolezo ca a dipatimenti ya nyama, amene ambiri tikali kuwacha a ZAWA ngakhale dzinalo linasintha.

Cilombo cimodzi, matanthauzo awiri

Tibwerere kwa nyalugwe wa pa mkono uja. Wolemba matatuu ku Lusaka anauza mnyamatayo kuti nyalugwe atanthauza munthu wolimba mtima, woyenda yekha, wosaopa kanthu. Sananame kwenikweni. Nyalugwe amasaka yekha usiku, ndipo amatha kukweza mphoyo yathunthu mu mtengo. Koma kwathu nyalugwe ndi nyama ya ufumu. Cikopa cace ndi covala ca mafumu ndi akuluakulu, monga timaonera pa Nc'wala ku Mtenguleni m'mwezi wa February, ndi pa Kuomboka kwa Alozi. Kale mlenje akapha nyalugwe kapena mkango, cikopa cinali kupita kwa mfumu. Munthu wamba wocivala anali ngati wadzilonga yekha ufumu. Kufunika kwa zikopazi kunakula mpaka m'caka ca 2019 bungwe loteteza nyama la Panthera linagwirizana ndi ufumu wa Alozi kuyamba kupanga zikopa za nsalu zofanana ndi za nyalugwe, kuti mwambo upitirire koma nyama isathe.

Tsono ganizani. Mwana wabwera m'dziko limene mfumu yace dzina la mpando wao ndi Nyalugwe, iye atanyamula nyalugwe pa mkono. Kwa iye ndi cithunzi cimene analipira makwaca angapo. Kwa ambuya ace ndi ngati mwana wakhala pa mpando wa atate ace iwo ali moyo. Ife sitinamvepo kuti pali mfumu imene inazenga munthu mlandu kaamba ka tatuu, ndipo sitikunena kuti mnyamatayo analakwira lamulo. Koma funso la ambuya linali m'malo mwace.

Mkango uli cimodzimodzi. Anyamata ambiri amaukonda kaamba ka nyimbo za rege ndi Arasta, amene amalemekeza Haile Selassie, mfumu ya Ethiopia imene inalongedwa m'caka ca 1930 ndipo inali kuchedwa Mkango wa Yuda. Ena amaukonda kaamba ka timu ya mpira ya ku England. Koma m'cigwa ca Luangwa akulu anali kunena kuti mafumu ena akamwalira amasanduka mikango, ndi kuti mkango wotero umayendera dziko lace usiku. Mkango ukalira kufupi ndi mudzi, anthu anali kuyamba afunsa ngati ndi wa m'thengo kapena ndi mwini dziko.

Pali nyama zina zimene kusiyana kwace kumafika poseketsa. Azungu amati kadzidzi ndi mbalame ya nzeru, ndipo amaiika pa zikuto za mabuku a sukulu. Mtsikana wophunzira akhoza kulembetsa kadzidzi pa phewa poganiza kuti aonetsa kukonda maphunziro. Abwere naye kumudzi aone! Kwathu kadzidzi akalira pa denga anthu sagona, ndipo m'mawa mwace amayamba kuyang'anana ndi diso loipa. Tonse tidziwa mmene mau akuti mfiti amaonongera mabanja m'midzi mwathu, ndi mmene nkhalamba zosalakwa zimavutikira nao. Cithunzi cimene cingapatse anthu a kaduka poyambira si cinthu coseka naco. Za fisi sitinena n'komwe.

Njovu nayo, a m'tauni amati itanthauza nzeru, kukumbukira ndi kukonda banja. Zoona, njovu zimayenda m'magulu otsogozedwa ndi yaikazi yaikulu, ndipo zimateteza ana ao. Koma kafunseni mlimi wa kwa Nyalugwe kapena kwa Luembe amene wagona m'munda mwezi wathunthu akuomba zitini ndi kufukiza tsabola, kenaka n'kupeza cimanga ca caka conse catha usiku umodzi. Mukamuonetsa njovu ya pa cifuwa canu, musayembekeze kuti adzakuyamikirani.

Njoka ndiyo yovuta koposa, cifukwa iri ndi matanthauzo atatu pa nthawi imodzi. Kwa Mkhristu imakumbutsa za m'munda wa Edeni. Kwa a cipatala, njoka yozinga ndodo ndi cizindikiro ca kuciritsa, ndipo mudzaiona pa cidindo ca bungwe la World Health Organization. Kwa Acewa akale nsato inali yolemekezeka, yogwirizana ndi mvula ndi kubala, ndipo sinali kuphedwa wamba kufupi ndi kacisi. Koma m'midzi ya lero, munthu amene malonda ace ayenda bwino akaoneka ndi njoka pa mkono, mawa lace mudzamva kuti aweta njoka ya ndalama.

Bilimankhwe ndi buluzi tiwadziwa kucokera ku nthano za pa moto. Bilimankhwe anatumidwa ndi uthenga wakuti anthu akafa adzauka, koma anayenda mozengereza, ndipo buluzi anamupitirira nafika ndi uthenga wa imfa. Mpaka lero ana amaopa kugwira bilimankhwe. Kalulu ndi wocenjera, koma ndani afuna kukwatitsa mwana wace kwa munthu amene wadzilemba yekha kuti ndine kalulu? Fulu, amene m'nthano amapambana ndi kuleza mtima, sitinamuonepo pa mkono wa mnyamata aliyense, ngakhale kuti pa nyama zonse ndiye amene alimi tingamusankhe.

Imene siutsa mkangano ndi nkhwazi. Iri pa mbendera yathu kuyambira pa 24 October 1964, ndipo itanthauza ufulu ndi kukwera pamwamba pa mabvuto. Aliyense amene anaimva ikulira m'mawa pa Luangwa adziwa cifukwa cace anaisankha. Nkhunda, nsomba ndi mwana wa nkhosa nazonso Akhristu azidziwa, popeza ziri pa nsalu za pa guwa ndi pa mayunifomu a mabungwe a mu mpingo.

Kwa ana athu amene apita ku Joni kukafuna nchito tiri ndi mau apadera. M'ndende za ku South Africa muli magulu a zigawenga ochedwa ndi manambala 26, 27 ndi 28, ndipo amadziwana ndi zolemba za pa thupi. Kumeneko cizindikiro si cokongoletsa, ndi udindo umene munthu anaupeza ndi mwazi. Mlendo wolembetsa cinthu cimene sacidziwa, cifukwa cabe anaciona pa foni, akhoza kufunsidwa mafunso amene sangathe kuyankha.

Nanga mpingo uti bwanji?

Amishoni atafika, a Dutch ku Nyanje m'caka ca 1905 ndi ku Hofmeyr m'caka ca 1914, ndi Akatolika ku Minga m'zaka za m'ma 1920, miyambo yambiri ya makolo inayamba kuonedwa ngati yacikunja. Cinamwali m'mipingo ina cinalowedwa m'malo ndi cilangizo. Mphini za pa nkhope zinatha pang'onopang'ono, mbali ina kaamba ka chalichi, mbali ina kaamba ka sukulu ndi tauni, kumene mtsikana wa mphini anali kusekedwa kuti ndi wa kumudzi. Lero mukafuna kuona mphini za pa nkhope, muyenera kufuna amai a zaka 70 kapena 80.

Lemba limene limachulidwa kawirikawiri ndi Levitiko 19:28, limene liletsa kudziceka kaamba ka akufa ndi kudzilemba zizindikiro pa thupi. Mipingo ina imalitenga monga liriri ndipo imaletsa matatuu onse. Ena amati lamulolo linali kuletsa Aisraeli kutsata miyambo ya maliro ya mitundu yowazungulira, ndipo amakumbutsa kuti Akhristu a Cikoputiki a ku Egypt, umodzi wa mipingo yakale kwambiri pa dziko, amalemba kamtanda pa dzanja mpaka lero monga umboni wa cikhulupiriro cao. Mpingo wa Katolika ulibe lamulo loletsa tatuu iri yonse, koma uphunzitsa kulemekeza thupi. Aliyense afunse abusa kapena ansembe a mpingo wace.

Maganizo athu ndi awa. Sitikondwera kuona mwana akubwezedwa pa khomo la chalichi, kapena kucotsedwa m'kwaya, kaamba ka cithunzi cimene sangathenso kucicotsa. Wabwera kudzapemphera, mulekeni alowe. Ngati tiyamba kuyendera matupi pa khomo, tiyambire akulu a mpingo, tione amene adzatsala opanda mphini. Komanso sitigwirizana ndi anyamata amene amati thupi ndi langa, palibe angandiuze. Kwathu munthu sakhala wa iye yekha. Ukadwala akusenza ndi abale, ukafa akusambitsa ndi anthu ena, ndipo iwo ndiwo adzawerenga zimene unalemba.

Lumo limodzi, anthu khumi

Pali mbali imodzi imene siifuna mtsutso, ndipo ikhudza mphini za ambuya ndi tatuu ya mzukulu mofanana. Ndi nkhani ya mwazi. Kacirombo ka HIV kamatha kupita kwa wina kudzera pa lumo kapena singano imene yangogwiritsidwa nchito pa munthu wina. Koma pali matenda ena amene sitiwachula kawirikawiri, a kutupa kwa ciwindi ochedwa hepatitis B. Kacirombo kace n'kolimba kuposa ka HIV, ndipo kamatha kukhala ndi moyo pa lumo louma kwa masiku 7 kapena kuposa. Munthu akhoza kukhala nako zaka zambiri osadziwa, mpaka ciwindi citaonongeka. Ana a masiku ano amalandira katemera wace ku sikelo, koma akulu ambiri sanalandire.

Anyamata a m'masukulu ogonera ndi a m'misika amalembana okhaokha ndi singano yosokera, inki ya bolopeni, kapena mwaye wa tayala loocha. Ena amagwiritsa nchito utomoni wa mbewu ya kashu umene umaocha khungu. Singano imodzi imazungulira gulu lonse. Ng'anga zina nazonso zikali kutema banja lonse ndi lumo limodzi. Lumo latsopano pa kantemba mtengo wace sufika ngakhale pa mtengo wa botolo la cibuku. Ngati mwatsimikiza kutemetsa, ngakhale ife tikanakonda mutayamba mwapita ku kiliniki, nyamulani lumo lanu, aliyense lace, ndipo mukatha mulitaye m'cimbudzi.

Cina ndi cakuti khungu la anthu akuda limakonda kutupa pa cipsera. Ena bala laling'ono limasanduka cotupa colimba conyezimira cimene cimakulirakulira ndi kuyabwa, ndipo ngakhale acidule ku cipatala cimabweranso. Ngati m'banja mwanu alipo amene anatupa khutu ataboola ndolo, dziwani kuti nkhwazi yanu ikhoza kusanduka cinthu cosadziwika mutu ndi mcira. Ndipo inki ya tatuu imakhala pansi pa khungu la pamwamba, cifukwa cace siicoka ndi sopo kapena mwala. Kuicotsa kufuna makina a laser, maulendo angapo, ndi ndalama zoposa zimene munalipira poilemba. Amene ayesa kuicotsa ndi asidi wa batire kapena supuni yamoto amatsala ndi bala loipa koposa cithunzi.

Mnyamata wathu uja anakhala pa mudzi masabata awiri. Pa Sondo anavala shati ya manja atali, ndipo palibe anamubweza pa khomo. Madzulo ena tinamupeza atakhala pa mphasa ndi ambuya ace, iwo akumuonetsa mizere ya pa masaya pao ndi kumuuza amene anawatema, caka ca dzombe liti, ndi nsima imene anaphikiridwa bala litapola. Anachula maina a mitundu itatu ya mphini. Wacinai anauiwala, ndipo anati amene akanawakumbutsa ndi mnzao amene anaikidwa caka catha.

Pa Tuwimba, mwambo wa Ansenga umene ucitika kwa Mfumu yaikulu Kalindawalo m'mwezi wa October, timaona magule, zakudya ndi zovala za makolo, koma maina a mphini sitiwamva. Tipempha aphunzitsi, alangizi ndi atsogoleri a mphakati a ku Petauke ndi ku Nyimba kuti akhale pansi ndi amai acikulire amene akali ndi mphini, awafunse dzina la mtundu uli wonse, malo ace pa thupi ndi cifukwa cace, pa zimene iwo eni alola kunena. Jambulani pa pepala ngati safuna kamera. Zimene mudzapeze tumizani kwa Mkonzi wa tsamba lino, ndipo muchule mudzi ndi mfumu ya dera lanu.